Tauni ikuthawa mgodi wake womwe: za ku Kiruna

Tsabola_wa_Zomba
Anzanga, ndithandizeni. Ndaona kanema wa tchalitchi chachikulu chamatabwa, chofiira, atachikweza pa matayala n'kumachiyendetsa pamsewu ku Kiruna, kumpoto kwa Sweden. Akuti tauni ikusamuka chifukwa mgodi ukugumula nthaka. Ine zandivuta kumvetsa. Bwanji osatseka mgodiwo kapena kukakumba kwina? Anthu achoke m'nyumba zawo chifukwa cha miyala? Nanga ndalama zosamutsira tauni akulipira ndani?

Kadaunda77
Atseke mgodi ndiye adya chiyani? Kumeneko kulibe munda wa chimanga.

MphunzitsiWopuma
A Tsabola, tauni ya Kiruna sinayambe yakhalapo mgodi n'kuipeza. Tauniyo inabadwa chifukwa cha mgodi. Zoti mapiri a Kiirunavaara ndi Luossavaara ali ndi chitsulo zinkadziwika kalekale, koma panali mavuto awiri. Loyamba, miyala yake ili ndi mchere wina wa m'nthaka wotchedwa phosphorus wambiri, ndipo chitsulo chokhala ndi phosphorus chimakhala chosalimba. Vutoli linatha cha m'ma 1878 pamene ku Britain anapeza njira yochotsera phosphorus posungunula chitsulo, imene amaitchula ndi dzina la Thomas. Lachiwiri linali mtunda. Malowa ali makilomita pafupifupi 145 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, pamene pamayambira dera lozizira la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo kuchokera ku Stockholm ndi makilomita oposa 1,200 pamsewu. Popanda njanji, miyalayo inali yopanda phindu.

Kampani ya mgodiwu, LKAB, inakhazikitsidwa mu 1890. Njanji inafika pamalowa mu 1899, tauni inayamba mu 1900, kenako njanji anaipitiriza kudutsa mapiri mpaka ku doko la Narvik ku Norway mu 1902. Narvik ndi wofunika chifukwa madzi ake saundana ngakhale m'nyengo yozizira, pamene nyanja ya ku Luleå, mbali ya Sweden, imagwira ayezi miyezi ingapo.

Mkulu woyamba wa mgodiwu, Hjalmar Lundbohm, sankafuna kuti pakhale zithando za anyamata osakwatira zokhazokha monga zinkachitikira m'migodi ina. Anakonza tauni yeniyeni, yokhala ndi masukulu, nyumba za mabanja, misewu yokhotakhota kuti mphepo isamawombe molunjika. Tchalitchi mwaonacho chinatha kumangidwa mu 1912, ndipo chinali mphatso ya kampani kwa mpingo.

Tsabola_wa_Zomba
Zikomo aphunzitsi. Koma ngati anakonza bwino chonchi, anamangiranji pamwamba pa chitsulo?

InjiniyaWaNdirande
Sanamange pamwamba pake, anamanga pambali. Vuto ndi mmene chitsulocho chinagonera pansi. Ndi chimtanda chimodzi chachitali makilomita pafupifupi 4, kunenepa kwake mamita pafupifupi 80, ndipo chimalowa pansi mopendekeka, kulowera kum'mawa, komwe kuli tauni. Zaka zoyambirira ankakumba pamtunda, phiri n'kumatha. Cha m'ma 1960 analowa pansi. Mukamatsika, mukusunthiranso kunsi kwa nyumba za anthu.

Njira imene amakumbira ndi yoti amaboola mabowo cham'mwamba, kuphulitsa, kutenga miyala ya chitsulo, ndiye miyala yopanda ntchito ya pamwamba imaloledwa kugwera m'phangamo yokha. Sakwiriramo. Ndi njira yotsika mtengo pa chimtanda chachikulu ngati ichi, koma nthaka ya pamwamba imatsatira. Zili ngati munthu amene akukumba dothi la njerwa m'mphepete mwa khoma la nyumba yake: khomalo siligwa lero, koma ming'alu imayamba. Zoyamba kuwonongeka ndi mapaipi a madzi, zingwe zamagetsi, njanji ndi misewu. Panopa msewu waukulu wonyamulira miyala uli pa mamita 1,365 pansi, unatsegulidwa mu 2013. Mu 2004 kampani inauza khonsolo kuti ming'alu idzafika pakati pa tauni, ndiye anagwirizana zomanga likulu latsopano makilomita pafupifupi 3 chakum'mawa.

Amene anasankha malo mu 1900 sakanaganiza kuti anthu adzakumba kupitirira kilomita pansi.

Kadaunda77
Ndiye mwamva a Tsabola. Palibe wolakwa apa.

MayiAwiri_Luleå
Ine ndimakhala ku Luleå, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ku Kiruna ndimapitako chifukwa kuli anzanga. A Kadaunda, musafulumire kunena kuti palibe wodandaula. Tchalitchi chija chinasamutsidwa pa 19 ndi 20 Ogasiti 2025, matani 672, mtunda wa makilomita 5, chikuyenda theka la kilomita pa ola. Mfumu Carl XVI Gustaf inalipo, TV inaonetsa zonse, anthu anasangalala. Koma nyumba zimene zanyamulidwa chonchi ndi zochepa, zosankhidwa chifukwa cha mbiri yake. Zambiri zimangogwetsedwa. Agogo ena amene ndinacheza nawo anandiuza kuti chimene chimawapweteka si khoma ayi, koma kuti msewu umene anakuliramo kulibenso, sangathe kulozera mdzukulu kuti apa ndi pamene ndinkasewera. Pali mpanda, kuseri kwake n'koletsedwa.

Za ndalama, amalipira ndi LKAB, chifukwa lamulo la migodi la Sweden limati wowononga ndiye alipire. Mwini nyumba amasankha, kupatsidwa nyumba ina kapena mtengo wa nyumba yake kuwonjezerapo 25 peresenti. Zikumveka bwino, koma nyumba zakale za ku Kiruna zinali zotsika mtengo, pamene kumanga yatsopano kumpoto kuno n'kodula kwambiri. Ochita lendi nawo amalowa m'nyumba zatsopano zalendi yokwera, ngakhale amaikweza pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Ndiponso patangopita masiku ochepa tchalitchi chitasamuka, kampani inalengeza kuti anthu enanso pafupifupi 6,000 adzayenera kusamuka, kuwonjezera pa 6,000 oyamba aja. Tauni yake ndi ya anthu osakwana 20,000. Ganizirani nokha.

Achimwene_Leeds
Achemwali a ku Luleå, zoona kuti dzuwa silituluka kumeneko? Ife kuno kukada 4 koloko masana timadandaula kale.

MayiAwiri_Luleå
Ku Kiruna silituluka milungu ingapo mu Disembala, kumangoyera pang'ono masana ngati m'bandakucha. Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka pakati pa Julayi silimalowanso. Kwa ine chovuta kwambiri ndi kuwalako, ana safuna kugona. Kuno ku Luleå limatuluka ndithu, koma maola ochepa.

Gogo_wa_Lunzu
Nanga ufa mumaupeza mwanangu?

MayiAwiri_Luleå
Timaupeza agogo, m'mashopu a anthu a ku Africa ndi ku Asia. Chosowa ndi masamba, chisoso ndi bonongwe kulibe.

NyaKaronga
Tibwerere ku mgodi. Ine chimene chandigwira mtima ndi chakuti wokumba ndi amene akumangira anthu nyumba, ndipo mgodi wakhala zaka zoposa 120. Kwathu ku Kayelekera mgodi wa uranium unatsegulidwa mu 2009, pofika 2014 unaima chifukwa mitengo inagwa pambuyo pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan. Zaka zisanu basi. Amene anamanga nyumba zalendi pa Karonga boma poyembekezera antchito a ku mgodi anatsala ndi zipinda zopanda anthu. Wayambiranso mu 2025 pansi pa Lotus Resources, boma lili ndi masheya 15 peresenti. Ku Sweden kampani ndi ya ndani?

MphunzitsiWopuma
Ndi ya boma yonse. Boma la Sweden linatenga gawo lalikulu mu 1957, ndipo kuyambira 1976 lili ndi kampani yonse. LKAB imatulutsa pafupifupi 80 peresenti ya miyala ya chitsulo yokumbidwa m'mayiko a European Union, matani oposa 20 miliyoni pachaka mukaphatikiza migodi yake ya Kiruna, Malmberget ndi Svappavaara.

NyaKaronga
Ndiye yankho ndi limenelo. Migodi ikhale ya boma.

MwanaWaLuanshya
Amayi a ku Karonga, ine ndinakulira ku Copperbelt, makolo anga anachokera ku Chipata. Migodi yathu inali ya boma zaka zambiri, pansi pa kampani ya ZCCM. Mgodi unkatipatsa chipatala, sukulu, bwalo la mpira, ngakhale babu la magetsi likapsa ankabwera kudzasintha. Koma mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970, ndalama za mgodi zinkapita kukatseka mabowo ena a boma, makina osakonzedwa. Kenako anagulitsa, ndipo mu 2000 mgodi wa ku Luanshya unaima. Ndinaona ndi maso anga amuna amene ankatsika pansi ndi zipewa za nyali akuotcha makala kuti ana adye. Ndiye umwini wa boma pawokha si mankhwala. Funso ndi lakuti boma likalandira phindu limabwezeranso zingati mu mgodimo, ndipo limasunga zingati za tsiku limene mitengo idzagwe.

Kadaunda77
Azungu mitengo sigwa kwawo?

MphunzitsiWopuma
Imagwa, a Kadaunda, ndipo Kiruna inalawapo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mafakitale a zitsulo ku Ulaya anali pamavuto, komanso Brazil ndi Australia anayamba kugulitsa miyala yotsika mtengo, yokumba pamtunda, yopanda phosphorus wambiri. LKAB inachotsa antchito ambiri. Dera lonse la khonsolo ya Kiruna linali ndi anthu oposa 30,000 pakati pa zaka za m'ma 1970, lero ndi pafupifupi 22,000. Nyumba zina zinagwetsedwa chifukwa chosowa wokhalamo. Chimene chinapulumutsa kampani ndi kusiya kudalira kugulitsa miyala yosakonza. Amaipera, kuchotsa zosafunika, n'kuumba timibulu tating'ono totchedwa pellets, timene mafakitale amagula pamtengo wabwino. Kenako China itayamba kumanga kwambiri m'ma 2000, mitengo inakwera, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene kusamutsa tauni kunaoneka kuti n'kotheka.

Ndionjezeko za antchito, chifukwa ubwino umene ali nawo lero sanaulandire ngati mphatso. Mu Disembala 1969 antchito a ku Svappavaara anakhala pansi, sitalaka inafalikira ku Kiruna ndi ku Malmberget, anthu pafupifupi 5,000, masiku 57, mpaka Febuluwale 1970. Sanadikire chilolezo cha akuluakulu a bungwe lawo. Ankakana malipiro owerengera kuchuluka kwa miyala imene munthu watulutsa, chifukwa ankachititsa anthu kuthamanga mpaka kuvulala, komanso ankakana kuyezedwa ndi wotchi pa kalikonse. Pambuyo pake anayamba kulandira malipiro apamwezi. Ndipo dziwani kuti nthawi imeneyo mgodi unali kale m'manja mwa boma.

Namondwe_PhD
Ndawerenga zonse ndipo pali anthu amene sanatchulidwe. Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwati tauni inabadwa chifukwa cha mgodi, zoona, koma malowo sanali opanda eni. Anthu a mtundu wa Asami akhala kumeneko zaka mazanamazana njanji isanabwere, akuweta reindeer, nyama zonga mphalapala. Ziweto zimenezi sizikhala m'khola. M'chilimwe zimakwera kumapiri a kumalire ndi Norway, m'nyengo yozizira zimatsikira kunkhalango za kum'mawa kukafukula ndere pansi pa chipale chofewa. Kiruna inamangidwa pakati penipeni pa njira za magulu awiri a oweta, Gabna ndi Laevas. Kuchokera nthawi imeneyo mgodi, njanji, msewu wa E10, milu ya miyala yotayidwa, zonse zakhala zikudya njirayo.

Tsopano mu Januwale 2023 LKAB inalengeza kuti pamalo otchedwa Per Geijer, kumpoto pang'ono kwa tauni, pali miyala ya rare earth, yopangira maginito a m'makina amagetsi, yoposa matani 1 miliyoni. A Gabna akunena poyera kuti mgodi umenewo ukatsegulidwa udzadula kanjira komaliza kamene katsala pakati pa msipu wa chilimwe ndi wa nyengo yozizira. Munthu wa m'tauni amapatsidwa nyumba ina. Woweta mungamupatse chiyani m'malo mwa njira ya ziweto? Ndipo Sweden mpaka lero sinavomereze pangano la mayiko la ILO 169 lokhudza ufulu wa eni nthaka.

Kadaunda77
Koma owetawo ndi angati poyerekeza ndi odya za mgodi? Dziko silingaime chifukwa cha anthu ochepa.

Namondwe_PhD
Mawu amenewo mungawanene kwa mfumu ya kwanu atabwera anthu kudzapima manda a makolo anu?

Kadaunda77
Ngati akulipira bwino ndipo ana apeza ntchito, tingakambirane. Ine sindikunyoza Asami. Ndikuti galimoto zamagetsi ndi makina amphepo opangira magetsi zimafuna miyala imeneyi, ndipo pakali pano pafupifupi yonse imayengedwa ku China. Akapanda kukumba ku Sweden akakumba kwina, kumene malamulo ndi ofooka kuposa kumeneko.

InjiniyaWaNdirande
Kwinako ndi kwathu kuno, a Kadaunda. Mu Malichi 2025 European Union inaika Per Geijer pa mndandanda wa ntchito zofunika kwambiri za miyala, ndipo mu Juni chaka chomwecho inaika Songwe Hill ya ku Phalombe, ya Mkango Resources, pa mndandanda wa ntchito zotere za kunja kwa Ulaya. Msika wake ndi umodzi. Ku Balaka nakonso kuli miyala yomweyi pa phiri la Kangankunde. Ndiye mafunso amene a Namondwe akufunsa za Asami ndi omwewo amene anthu a ku Phalombe ayenera kufunsa mgodi usanayambe, osati utayamba.

MphunzitsiWopuma
A Namondwe, mfundo yanu ndi yolemera. Ndingoonjezera kuti tchalitchi chija anachimanga motengera maonekedwe a nyumba ya Asami, pamene ana a Asami nthawi yomweyo ankatumizidwa ku masukulu apadera a maphunziro ochepa, ndipo ana olankhula Chifinishi ndi Meänkieli, chinenero chofanana nacho, ankaletsedwa chinenero chawo kusukulu. Mbiri ya kumpoto kwa Sweden ili ndi mabala amenewa. Mu Januwale 2020 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera gulu la oweta la Girjas pa ufulu wopereka chilolezo chosaka ndi kupha nsomba m'dera lawo, koma chigamulocho sichinakhudze za migodi.

Gogo_wa_Lunzu
Ine bambo anga anapita ku Joni pa Wenela, anabwera ndi njinga, bulangete ndi chifuwa. Ndikamva za mgodi mtima sukhala pansi. Kumeneko anthu safa pansipo?

InjiniyaWaNdirande
Ngozi zimachitika agogo, koma ntchito yasintha kwambiri. Makina ambiri oboola ndi sitima za pansi zimayendetsedwa ndi munthu atakhala pa kompyuta, ndipo akazi ambiri amagwira ntchito mumgodimo. Amaphulitsa usiku, cha m'ma 1 koloko, anthu atachoka m'malo oopsa, ndipo m'tauni amamva kugwedezeka. Choopsa chachikulu pakuya chonchi ndi kuphulika kwa thanthwe lokha chifukwa cha kulemera kwa nthaka. Mu Meyi 2020 kunachitika chivomezi choposa 4 pa sikelo mumgodimo, mbali ina inatsekedwa nthawi yaitali. Mwamwayi palibe anamwalira.

Achimwene_Leeds
Ndiye khonsolo ya Kiruna ndi yolemera kwambiri eti? Chitsulo chonsecho.

MayiAwiri_Luleå
Ayi achimwene, apa ndi pamene anthu a kumpoto kuno amawawidwa mtima. Phindu la kampani ndi msonkho wake zimapita ku boma ku Stockholm. Khonsolo imadalira msonkho wa malipiro a anthu amene analembetsa kuti amakhala m'deralo. Koma antchito ambiri, makamaka a makontrakitala, amabwera pa ndege kapena pa galimoto, kugwira sabata imodzi kapena ziwiri, kugona m'nyumba zongoyembekezera, n'kubwerera kwawo kumwera. Msonkho wawo umapita kwawoko. Amene akufuna kukhazikika amasowa nyumba, chifukwa zomangidwa zatsopano zimayamba zapita kwa osamutsidwa. Malo omangapo nawo ndi ovuta ngakhale dera ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 20,000, chifukwa malo ambiri ndi a boma, ena ndi a mgodi, ena ndi msipu wa reindeer.

Ntchito yangayi ndi imene imavutika kwambiri. Mtsikana akamaliza sukulu amaona malipiro a kumgodi, amaona a kosamalira okalamba, amasankha mgodi, ndipo simungamudzudzule. Ntchito ku Kiruna zilipo zambiri, osowa ndi anthu. Sukulu, chipatala, nyumba za okalamba, konse akusaka antchito.

Tsabola_wa_Zomba
Ndiye palibe china chimene amadalira kupatula mgodi?

MphunzitsiWopuma
Zilipo koma sizifika pa mgodi. Kuli Esrange, malo oulutsira maroketi ndi mabaluni a kafukufuku, makilomita pafupifupi 40 kum'mawa, anayamba mu 1966. Kuli alendo odzaona kuwala kwa kumwamba kwa usiku, okwera phiri la Kebnekaise lomwe ndi lalitali kuposa onse mu Sweden, ndi hotela ya ayezi ya ku Jukkasjärvi imene amaimanga chaka chilichonse ndi madzi oundana a mtsinje wa Torne. Koma chuma chonse chimayenda pa njanji imodzi ija. Sitima imodzi imakoka mabogi 68, lililonse matani 100. Mu Disembala 2023 sitima inagwa pafupi ndi Vassijaure, njira ya ku Narvik inatsekeka miyezi iwiri, atangoitsegula inagwanso ina mu Febuluwale 2024. Timibulu tija tinangounjikana milu ku Kiruna. Njanji yomweyi ndi imene inachititsa kuti Germany ndi Britain amenyanirane Narvik mu Epulo 1940, chifukwa mafakitale a zida a Hitler ankadalira chitsulo cha Sweden.

MwanaWaLuanshya
Chimene ndikufuna kudziwa ine ndi ichi. Akamaliza kusamutsa, chitsulo chikapitirira kulowera komweko, adzasamukanso?

InjiniyaWaNdirande
Likulu latsopano analiika kunja kwa dera limene akuyembekezera kuti ligwa. Koma mwamva achemwali a ku Luleå, malire aja anawasuntha mu 2025 ndipo anthu ena 6,000 analowamo. Chitsulo chikupitirira pansi pa mamita 1,365, ndipo kampani ikufufuza zotsikira kunsi. Ku Malmberget, mgodi wina wa LKAB womwewo, anthu ambiri anasamutsidwira ku Gällivare ndipo mbali yaikulu ya tauniyo kulibenso.

NyaKaronga
Achemwali a ku Luleå, amene anasamukira ku tauni yatsopanoyo akuti bwanji? Akukondwa nayo?

MayiAwiri_Luleå
Zimasiyana. Achinyamata ndi amashopu ambiri akuikonda, zonse zili pafupi, mashopu, laibulale, hotela, ndi nyumba ya khonsolo yozungulira imene amaitcha Kristallen, yomwe inatsegulidwa mu 2018. Nsanja ya wotchi ya pa nyumba ya khonsolo yakale anaisamutsa n'kuiimika pambali pake. Achikulire ambiri amadandaula kuzizira. Tauni yakale inali pachitunda choyang'ana dzuwa, mapiri akuoneka patali. Yatsopanoyi ili pamalo otsika, mpweya wozizira umakhazikika pamenepo, ndipo nyumba zazitali zimatchinga kadzuwa kochepa kamene kalipo. Mnzanga wina amene adakali mbali yakale amakwera basi kuti akagule mankhwala, pamene kale ankangoyenda wapansi. Iye kalata yomuuza chaka chosamuka sanalandirebe, ndiye akuti sakudziwa ngati akonzetse denga kapena alisiye.